Makadi a katundu m'malo mwa dayisi: kagawidwe ka chuma cha mwamwayi pa masewera a patebulo

Funso: "Ndimatsogolera masewera a Dungeons & Dragons (masewera a patebulo momwe osewera amakhala ngwazi za m'nkhani imene wotsogolera akusimba) ndi mabuku a 2014. Osewera anga ndi anayi ndipo ngwazi zawo zangofika pa levulo 2 (levulo ndi msinkhu wa mphamvu za ngwazi). Akagonjetsa chilombo n'kutsegula bokosi la chuma, masewera amaima. Ine ndimatsegula buku, ndiponye dayisi kangapo, ndiwawerengere zimene apeza, iwo alembe pakona pa pepala. Pakatha milungu iwiri palibe akukumbukira kuti anatenga chakuti ndani. Ndamva kuti ena amalemba katundu pa makadi n'kumatola mwamwayi. Kodi njirayi ndi yabwino, ndipo ndiyambe ndi makadi angati? Ndikuopa kuti angatole chinthu champhamvu mopitirira n'kusokoneza nkhani yonse, kapena azingotola zinthu zimene palibe angazigwiritse ntchito."

Yankho:

Zikomo chifukwa cha funso lanu. Inde, yambani nawo makadiwo. Mavuto awiri amene mwayamba kutchula, loti masewera amaima ndi loti anthu amaiwala zimene ali nazo, amachepa tsiku loyamba lomwelo. Mantha anu awiri aja ndiwo ofunika kuwakhalira pansi, ndipo onse amathera pamalo amodzi: pa ntchito imene mumagwira muli nokha osewera asanabwere, posankha zimene zilowe m'mulu wa makadi. Kutola khadi n'kwa kamphindi chabe. Luso lonse lili pomanga muluwo, ndiye ndikhalitsa pamenepo.

Tiyambe ndi chimene chikukuchedwetsani panopa. Kugawa chuma poponya dayisi n'kwakale ngati masewera eniakewo. Dungeons & Dragons inatuluka mu 1974, yolembedwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo m'malamulo akalewo ngwazi inkakwera levulo makamaka chifukwa cha golide amene yatuluka naye m'phanga. Matchati a chuma anali ofunika kwambiri, moti zilombo zinkakhala ndi zilembo zosonyeza mtundu wa chuma chimene zimasunga. Buku la wotsogolera limene muli nalo, Dungeon Master's Guide ya 2014, linasunga njira imeneyi. Mumaponya dayisi yopereka nambala kuyambira 1 mpaka 100 pa tchati cha nkhokwe ya chuma, tchaticho chimakutumizani ku chimodzi mwa matchati 9 a zinthu zamatsenga, kuyambira A mpaka I, mumaponyanso, kenako mumakafufuza dzina la chinthucho pamasamba ena kuti muwerenge ntchito yake. Zinthu zikatuluka zinayi, ulendo umenewu mumauyenda kanayi, anthu ali maso pa inu. Khadi limasonkhanitsa zonsezi pa kapepala kamodzi kokwana m'dzanja, ndipo wowerenga amakhala wosewera mwini wake.

Koma pali kusiyana kwina kumene ambiri sakuona msanga, ndipo n'kumene kumandichititsa kukonda makadi. Dayisi sikumbukira. Ikakupatsani mankhwala ochiritsa katatu kotsatizana, ulendo wachinayi mwayi wa mankhwala omwewo umakhala womwe uja. Mulu wa makadi umakumbukira, chifukwa khadi likatoledwa ndiye kuti lachoka. Tiyerekeze kuti muli ndi makadi 40, ndipo 4 mwa iwo ndi zinthu zikuluzikulu zimene aliyense akulakalaka. Potola koyamba, mwayi wa chinthu chachikulu ndi 1 pa 10, chimodzimodzi ndi tchati chopatsa 10 peresenti. Ngati osewera atola makadi 20 osapeza chachikulu ngakhale chimodzi, otsala ndi 20 ndipo anayi aja adakali momwemo, kotero mwayi wakwera kufika pa 1 pa 5. Pa dayisi ukanakhalabe 1 pa 10 mpaka kalekale. Mukawerengetsa, mwayi woti gulu liponye dayisi ka 20 osapeza chachikulu ndi pafupifupi 12 peresenti, pamene pa makadi ndi pafupifupi 5 peresenti yokha. Mbali inayo ndi yofunika koposa kwa inu: ngakhale atachita mwayi wotani, sangapeze zinthu zikuluzikulu zoposa zinayi, chifukwa chachisanu mulibemo. Dayisi ikhoza kupereka ndodo yamatsenga yomweyo kawiri usiku umodzi, koma mulu umene munaikamo ndodo imodzi sungatero.

Osewera amazindikira okha zimenezi popanda kuwaphunzitsa masamu. Muwaona akuyang'ana mmene mulu ukuchepera n'kumauzana kuti chija chachikulu sichinatulukebe, ndipo mtima umenewo ndi umene umawachititsa kutsegula chitseko china m'phanga m'malo mobwerera kumudzi kukapuma.

Tsono mantha anu oyamba. Lamulo langa ndi limodzi ndipo sindilisintha: musaike m'mulu khadi limene simukufuna kuti lituluke lero lomwe. Musadzinyengerere kuti mwayi wake ndi wochepa. Khadi lililonse lili m'mulumo lidzatuluka tsiku lina, ndipo lingathe kukhala loyamba. Masewera omwewa ali ndi chitsanzo chodziwika bwino, Deck of Many Things, mulu wa makadi amatsenga umene unayamba kuoneka mu 1975 m'buku lowonjezera la Greyhawk. Khadi limodzi la mmenemo limalemeretsa munthu, lina limamulanda zonse, lina limamutsekera kutali kumene anzake sangamupeze msanga. Otsogolera ambiri amauopa, ndipo chifukwa chake si choti ndi wa mwamwayi ayi, koma choti muli makadi amene wotsogolera sanakonzeke kuwalandira. Mulu wanu mukuumanga ndinu, ndiye mulibe chifukwa choikamo zoterozo.

Buku lanu likuthandizani kuyeza. Zinthu zamatsenga limazigawa m'magulu asanu: zofala, zosafala kwenikweni, zosowa, zosowa kwambiri, ndi za m'nthano. Magulu awiri oyamba ndi oyenera kuyambira levulo 1, zosowa kuyambira levulo 5, zosowa kwambiri kuyambira 11, ndipo za m'nthano kuyambira 17. Ngwazi za levulo 2 zisaone chilichonse choposa gulu lachiwiri. Pa kuchuluka kwake, buku la Xanathar's Guide to Everything la 2017 limawerengetsa kuti gulu limatola zinthu zamatsenga pafupifupi 100 kuchokera levulo 1 mpaka 20, zing'onozing'ono 80 ndi zikuluzikulu 20. Pa malevulo anayi oyamba, gawo lake ndi zing'onozing'ono 9 ndi zikuluzikulu 2 zokha. Manambalawa si lamulo, koma akusonyeza kuti masewerawa anakonzedwa poganiza kuti chuma chambiri chizikhala chaching'ono komanso chotha msanga.

Ndiye mulu woyamba ndingaumange chonchi. Makadi akhale 40. Pafupifupi 16 akhale zinthu zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutha: mankhwala ochiritsa asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa ndi amene gulu la levulo yotsika limawafunitsitsa, ndiye enawo mankhwala okwerera makoma, mipukutu ya matsenga a levulo 1, botolo la moto woponya, madzi oyera, mivi ya nsonga zasiliva. Makadi 10 akhale zinthu wamba zopanda matsenga koma zothandiza: chingwe chokhala ndi mbedza, nyali yotsekeka, unyolo ndi loko wake, yunifomu ya mlonda wa mzinda, kalata yabodza yokhala ndi chidindo cha mfumu. Musazipeputse zimenezi. Yunifomu ya mlonda imatha kutsegula chipata chimene lupanga lamatsenga silingatsegule, ndipo osewera amakumbukira tsiku limene anapulumuka ndi chingwe kuposa tsiku limene anawonjezera 1 pa kumenya kwawo. Makadi 6 akhale nyambo za nkhani: kiyi wopanda chitseko chodziwika, theka la mapu, mphete ya banja linalake, kalata yosafika kwa mwini wake. Makadi 4 akhale tinthu tamatsenga tosathandiza pankhondo koma tosangalatsa, monga kandulo yoyaka ngakhale m'madzi kapena zovala zodzisoka zokha zikang'ambika. Anayi otsalawo ndiwo akuluakulu aja: chida cha +1 (chowonjezera 1 pa kumenya), mkanjo woteteza, Bag of Holding (chikwama chamatsenga cholowa katundu wambiri kuposa kukula kwake), Wand of Magic Missiles (ndodo yoponya mivi yamatsenga), kapena zina za gulu lomwelo.

Onani mmene masamu akugwirizanira. Ngati gulu lanu litola theka la muluwu pofika levulo 5, kawirikawiri lidzakhala litapeza zikuluzikulu ziwiri, monga momwe buku lija limawerengetsera. Ngati mumakonda masewera owolowa manja, alekeni atole makadi 30. Liwiro lake lili m'manja mwanu: khadi limodzi m'matumba a achifwamba, awiri kapena atatu m'bokosi lobisika, anayi m'nkhokwe ya mtsogoleri wa adani.

Ngati mukuopabe kuti akuluakulu anayiwo angatsatizane pamwamba kapena kukhalirana pansi, pali njira yosavuta imene ndinaiona koyamba m'masewera a pabolodi a Pandemic, opangidwa ndi Matt Leacock mu 2008. Patulani makadi anayiwo. Otsalawo muwasakanize n'kuwagawa timilu tinayi ta makadi 9. M'kamulu kalikonse lowetsani khadi lalikulu limodzi osaliyang'ana, kasakanizeni pakokha, kenako sanjikizani timiluto popanda kusakanizanso. Tsopano mukudziwa kuti pa makadi 10 alionse pali chachikulu chimodzi, koma inu kapena osewera simukudziwa kuti ndi chiti kapena chili pati. Njira imeneyi ndimaikonda kwambiri chifukwa imasiya chidwi chonse cha mwamwayi koma imachotsa chilala chachitali ndiponso chigumula.

Tibwere ku mantha achiwiri, a zinthu zopanda woyenera kuzigwiritsa ntchito. Poti osewera anu ndi anayi ndipo makadi akuluakulu ndi anayi, lembani lililonse mukuganizira ngwazi imodzi: lina la wankhondo, lina la wamatsenga, lina la wansembe, lina la kazitape wozemberera. Musalembepo dzina la mwini, ndipo musawauze. Akalitola adzakambirana okha, ndipo nthawi zina adzalipereka kwa munthu amene inu simunamuganizire. Zimenezo n'zabwino. Ofika levulo 5 asanapeze lawo, makadi awo muwasamutsire m'mulu wotsatira n'kuwaika chakumwamba. Njira ina ndi kusiya mpata pa khadi. M'malo molemba "lupanga lalitali la +1", lembani "chida cha +1" ndi mzere wopanda kanthu, mtundu wake udzalembedwe pamene latoledwa molingana ndi amene anali nacho. Pa nkhokwe zikuluzikulu mungalolenso kuti atole makadi awiri, asankhe limodzi, linalo libwerere pansi pa mulu, mukunena kuti denga likugwa kapena alonda akubwera ndipo nthawi ndi yotenga chimodzi chokha. Awiri basi. Mukawapatsa asanu kuti asankhepo, masewera aimanso, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Komabe ndikupempheni kuti musachotse zonse zosayenerera. Chovala chachitsulo cholemera chimene palibe angachivale chili ndi ntchito yake: achigulitsa, achipereka kwa mkulu wa alonda kuti awakomere mtima, asinthana nacho ndi wamalonda, kapena wina aganiza zophunzira kuchivala. Dziko limene chilichonse chotoledwa chimakwana ndendende ngwazi zinayi zomwezo limaoneka lopeka, ndipo osewera amamva kuti wotsogolera akungowagawira mphatso. Chinthu chimodzi mwa zisanu chikakhala chachilendo kwa onse, dziko limaoneka kuti linalipo iwo asanabwere.

Izi zikutifikitsa pa vuto limene simunalifunse koma mukumana nalo sabata yoyamba. Osewera apha mimbulu itatu, atola khadi, latuluka galasi loonera kutali. Mmbulu unalitenga kuti? Pali mayankho awiri. Loyamba ndi loti si mdani aliyense amapereka khadi. Nyama zakutchire zilibe matumba. Lachiwiri ndi loti khadi lachilendo muliyese funso lofuna yankho la m'nkhani: pafupi ndi phanga la mimbuluyo pali mafupa a woyendetsa ngalawa, ndipo funso loti ankafuna chiyani kutali ndi nyanja lingakupatseni nkhani ya masabata awiri. Mukazolowera, gawani mulu molingana ndi malo: wa m'matumba a anthu, wa kumanda akale, wa m'nyumba za amatsenga, uliwonse wa makadi 12 kapena 15. Musapitirire milu itatu patebulo nthawi imodzi, mungabwerere ku chipwirikiti chimene mukuthawa.

Nanga atole ndani, ndipo liti? Apa pali kukokana kwenikweni. Wosewera akatola yekha ndi dzanja lake, anzake onse ataweramira patebulo, pamakhala chisangalalo chimene tchati sichingapereke. Koma chuma chotoledwa nkhondo itatha chili ndi chilema: ngati mtsogoleri wa achifwamba anali ndi ndodo yoponya mivi yamatsenga m'bokosi lake, bwanji sanaigwiritse ntchito pamene ankamenyera moyo wake? Njira yanga ndi yogawa pawiri. Za m'matumba ndi m'timabokosi ta m'njira, atole osewera pomwepo. Za mdani wamkulu, tolani inu pokonzekera, muziike mu envelopu, ndipo mdaniyo azigwiritse ntchito pankhondo. Ngati khadi ndi la mankhwala ochiritsa, amwe akavulala, pokhapokha osewera atamugwetsa msanga. Ngati ndi ndodo, awalase nayo. Akadzamugonjetsa n'kutsegula envelopu, ndodo imene inawavulaza ija imakhala yawo, ndipo amaidziwa kale mphamvu yake. Palibe chinthu chimene osewera amachisamala kuposa chimene anachilanda m'manja mwa amene ankawapweteka nacho.

Pa khadi penipenipo lembani zochepa. Dzina pamwamba, mzere umodzi wofotokoza maonekedwe, kenako lamulo lake m'mawu osapitirira 40. Mankhwala ochiritsa wamba amangofunika "amabweza 2d4+2", kutanthauza kuti moyo wobwezedwawo umapezeka poponya madayisi awiri a mbali zinayi n'kuwonjezera 2. Chinthu chokhala ndi mphamvu zowerengeka chikhale ndi timabokosi tochongamo: Wand of Magic Missiles ili ndi 7 ndipo imabwezeretsa 1d6+1 m'bandakucha uliwonse, ndiye jambulani timabokosi 7 ndipo wosewera azichonga ndi pensulo. Ngati chinthucho chimafuna attunement, kutanthauza kuti ngwazi ilumikizane nacho isanalandire mphamvu yake, ikani chizindikiro chachikulu pakona. Malamulo amalola zinthu zitatu zokha zoterezi pa munthu mmodzi, ndipo makadi amachititsa lamuloli kuoneka ndi maso: atatu olumikizidwawo akhale pamwamba pa pepala la ngwazi, ena onse pambali. Lamulo likakhala lalitali moti silikukwana, lembani chidule ndi nambala ya tsamba la m'buku. Kumbuyo kwa makadi onse kukhale kofanana, apo ayi osewera aphunzira kuzindikira khadi labwino lisanatembenuzidwe.

Khadi lililonse lipatseninso nambala yaing'ono pansi, ndipo m'kope mwanu mulembe zinsinsi za nambala imeneyo. Apa ndi pamene pamabisala matemberero. M'malamulo a 2014, ngwazi imadziwa ntchito ya zinthu zambiri ikakhala nazo pa kupuma kwakufupi, ndipo mankhwala imawadziwa pongolawa pang'ono, koma temberero kawirikawiri silioneka ngakhale ndi matsenga ofufuzira a Identify. Choncho khadi linene zabwino zokha, ndipo kope lanu linene kuti nambala 27 imabweretsa maloto oipa usiku wachitatu. Nyambo za nkhani zija zimayendanso chimodzimodzi: khadi likungoti "kiyi wamkuwa wokhala ndi mutu wa kadzidzi", ndipo chitseko chake chili m'kope, kapena mudzachisankha pamene khadilo latuluka. Ngati mumafuna kuti zinthu zikhale zosadziwika poyamba, lembani makadi awiri, la maonekedwe ndi la zoona zake, n'kupereka lachiwirilo akafufuza. Chitani zimenezi pa makadi akuluakulu okha, chifukwa pa onse 40 ndi ntchito yotopetsa yopanda phindu lokwanira.

Za kuiwala zija, mankhwala ake ndi lamulo limodzi limene muwauze osewera tsiku loyamba: amene ali ndi khadi ndiye ali ndi katunduyo. Wankhondo akagwa tsidya lina la chigwembe ndipo khadi la mankhwala lili patsogolo pa wamatsenga, ndiye kuti mankhwalawo ali m'chikwama cha wamatsenga, palibe zoti "ndinamupatsa kale dzana". Kupatsana chinthu ndi kupatsana khadi. Kumwa mankhwala ndi kubweza khadi kwa inu. Poyamba ena adandaula, koma posachedwa muwaona asanalowe m'phanga akugawana makadi mwanzeru, akufunsana kuti woyenda patsogolo asunge chiyani, ndipo kukambirana kumeneko ndi masewera ndithu. Pomaliza tsiku, aliyense aike makadi ake mu envelopu yolembedwa dzina la ngwazi yake, maenvelopuwo musunge ndinu pamodzi ndi mulu. Khadi lopita kunyumba ndi wosewera kawirikawiri silibwerera. Kujambula makadi a aliyense ndi foni musanawalongedze kumatenga kamphindi, ndipo kumathetsa mikangano ya mtsogolo.

Pali masewera ena amene anamangidwa pa maganizo amenewa, ndipo muli zoti mubwerekeko. Mu Mausritter, ya Isaac Williams, momwe osewera amakhala timbewa, katundu aliyense ndi kakhadi koikidwa pa malo 10 a papepala la ngwazi: awiri a m'manja, awiri a pathupi, asanu ndi limodzi a m'chikwama. Njala kapena kuvulala nakonso ndi kakhadi kotenga malo, moti wovulala amakakamizika kutaya katundu. Mu Numenera ya Monte Cook, ya 2013, muli tizida tamphamvu togwiritsa ntchito kamodzi, ndipo ngwazi yongoyamba imaloledwa kunyamula tiwiri kapena titatu tokha. Malire amenewa ali ndi nzeru yaikulu. Osewera ambiri amasunga mankhwala ndi mipukutu kudikira tsiku loopsa kwambiri, tsikulo silifika, ndipo nkhani imatha ali ndi chikwama chodzaza. Akadziwa kuti zatsopano zikubwera ndipo malo ndi ochepa, amagwiritsa ntchito zimene ali nazo. Mungayese kuika malire a makadi otha msanga atatu pa munthu. Si lamulo la Dungeons & Dragons, ndiye mugwirizane nawo kaye, koma ine ndimaona kuti limapangitsa nkhondo kukhala zosiyanasiyana kuposa chinthu china chilichonse chimene mungawonjezere.

Makadi obwezedwa muwagawe pawiri. Otha msanga, monga mankhwala ndi mivi, akhale pambali ndipo adzabwerere m'mulu pamene mukuumanganso, chifukwa m'dziko muli mabotolo ambiri a mankhwala. Zinthu zokhala ndi dzina ndi mbiri zisabwererenso. Zikatayika kapena kugulitsidwa, khadi lake lilowe m'kope mwanu pansi pa dzina la amene ali nacho tsopano, mwina adzakumana nachonso m'manja mwa mdani. Musamasakanize obwezedwawo tsiku lililonse, chifukwa mukatero mwapha kukumbukira kwa mulu kuja ndipo mwabwerera ku dayisi.

Ndalama zachitsulo musaziike pa makadi. Zimasintha kawirikawiri, ndipo pensulo imazitha bwino. Sankhiranitu kuchuluka kwake pokonzekera. Miyala yamtengo wapatali ndi ziboliboli zikhoza kukhala pa makadi, makamaka zolemera kapena zodziwika mwini wake, chifukwa pamenepo pamabuka funso la amene anyamule ndi kumene akagulitse osagwidwa.

Palinso zinthu zimene siziyenera kulowa m'mulu ngakhale pang'ono. Lupanga la agogo ake a ngwazi, chisoti chimene nkhani yonse ikuzungulirapo, buku limene mdani wamkulu akulifunafuna: izi muziike ndi dzanja lanu pamalo pamene nkhani ikufuna. Zilembeni pa khadi ndithu, kuti wosewera adzalandire chinthu chogwirika, koma tsiku lake musalisiyire mwayi.

Pa funso loti mugule kapena mupange, makadi ogulitsa alipo. Kampani ya Paizo, eni ake a Pathfinder, masewera ena a mtundu womwewu, yatulutsa makadi a katundu okhala ndi zithunzi, ndipo Gale Force Nine inasindikiza makadi a zinthu zamatsenga za Dungeons & Dragons. Ubwino wake ndi zithunzi ndi kulimba. Koma musatenge paketi yonse n'kuisakaniza n'kuyamba kutola, chifukwa mmenemo muli zinthu za magulu onse, za levulo 1 ndi za levulo 17 pamodzi. Sankhanimo zochepa zoyenera, zotsalazo zidikire m'bokosi. Zinthu wamba ndi nyambo za nkhani mudzalembabe nokha, poti palibe kampani ikudziwa dziko lanu. Kupanga nokha n'kosavuta: khadi la muyezo wamba ndi mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali, ndipo pa pepala la A4 amakwanapo 9, kotero mapepala asanu akukwanirani mulu wonse ndi otsala. Lowetsani kapepala kalikonse m'kathumba kapulasitiki kosungira makadi, kumbuyo kwake muike khadi lakale losewerera kuti lilimbe ndi kuti onse afanane. Simukufunika kudziwa kujambula. Zolemba pamanja zooneka bwino n'zokwanira, ndipo osewera ena amakonda kujambula okha chithunzi cha chinthu chimene apeza, choncho asiyireni mpata.

Mukasewera katatu kapena kanayi, tsegulani maenvelopu aja muli nokha n'kuona makadi amene sanagwiritsidwepo ntchito. Amenewo akukuuzani mtundu wa zinthu zimene gulu lanu silisamala nazo, ndipo m'mulu wotsatira muchepetse zoterozo n'kuwonjezera za mtundu umene amalimbirana. Ngwazi zikafika levulo 5, mangani mulu watsopano wa makadi 40 pa ndondomeko yomweyo: samutsani akuluakulu otsala, wonjezerani chimodzi kapena ziwiri za gulu la zosowa, sinthani mankhwala ena ochiritsa akhale amphamvu a 4d4+4, ndipo nyambo za nkhani zimene sizinatuluke muzione ngati zikugwirizanabe ndi kumene nkhani yafika musanazibwezeremo.